Shalom Samva Chisuweni

Pa esiteti, kufupi ndi Ludzi, Mchinji
8 Okutobala 2023

Wokondedwa mlongo wanga Elsie,

Kaya uli bwanji kumeneko ku Lusaka? Ife kuno tilipo, ine, alamu ako a Anasi ndi ana onse, kupatula dzuwa lomwe likutiwotcha ngati tinalilakwira. Foni yanga inagwera m'chitsime cha kunazale ndikuthirira fodya, ndiye tabwerera ku zamakedzana. Kalatayi ndapatsira a Levi, adalaivala a thiraki aja amadutsa pa Mwami kawiri pamwezi. Ukayankha uziwapatsira omwewo.

Tsono za katundu unanditumizira mu Julayi uja. Elsie, unati ukunditumizira mwana wamkazi wa zaka naini, koma ine ndalandira loya. Shalom ukamuuza kuti sesa pakhomo, akufunsa kuti bwanji msuweni wake Madalo sakusesa. Ukamuuza kuti Madalo wapita kumjigo, akuti ndiye mwamupatsa dala ntchito yabwino. Ukati chabwino, mawa kumjigo upita ndiwe, akuti mukufuna akathyoke khosi. Alamu ako anawagulira masikono onse awiri pa Ludzi, ofanana ndendende, iye ati ya Madalo ndi yaikulu, n'kuiponya yake m'fumbi. Nkhuku zinadya bwino tsiku limenelo.

Koma vuto lenileni ndalipeza, mwanayu samva chisuweni. Wakulira m'tauni yopanda abale, ndiye sadziwa kuti mwana wa malume ndi wa ntchito yanji. Sabata yatha Madalo anamuitana kuti, "Iwe Mzambiya wa miyendo ngati mikangala yopachikira fodya, bwera udzadye," monga momwe msuweni amaitanira msuweni wake. Shalom anangotola chikuni n'kumugenda nacho. Mlomo wa Madalo unatupa masiku atatu. Ndinamukhazika pansi n'kumufotokozera kuti msuweni wako ali ndi ufulu wokunyoza, iwenso uli ndi ufulu womubwezera ndi pakamwa, osati ndi chikuni, ndipo kuti ubale wake ndi umenewo. Anandiyang'ana m'maso osaphethira n'kundifunsa m'Chinyanja chake cha ku Lusaka chija kuti, "Manje ngati anikonda, aniseka chani?"

Usade nkhawa. Ukukumbuka momwe asuweni athu ku Dedza ankakutchulira kuti Nachimutu? Unkalira mpaka mamina, kenako unazolowera, ndipo lero ndi omwewo amene amakufunsa kwambiri. Ndiye ndalamula pakhomo pano kuti aliyense azimuseka Shalom m'mawa ndi madzulo, osadumphitsa, ngati mankhwala a malungo, mpaka khungu likhwime. Pofika Khirisimasi azidzayamba ndi iyeyo kutinyoza.

Ukapeza mpata utumize nsapato za kusukulu, zija anabwera nazo zamuthina.

Ine mlongo wako,
Laston


Lusaka
29 Okutobala 2023

Achimwene,

Zikomo chifukwa cha kalata. Ine ndili bwino, ntchito yokha ndiyo yosatha, nyumba ya zipinda sikisi wokolopa ndine ndekha. Mupereke moni kwa alamu anga ndi ana, makamaka Madalo, mumuuze kuti azakhali ake apepesa chifukwa cha mlomo.

Kalata yanu ndawerengera m'khitchini, ndaseka mpaka adona anasuzumira kuti aone ngati ndapsa ndi mafuta. Loyayo mwamuona tsopano! Ndinkakuuzani pa foni, inu mumati ndikukokomeza. Ku Chawama, komwe ndinkachita lendi ndisanapeze ntchito ino, kunalibe khomo lomwe sindinapiteko kukapepesa. Aphunzitsi ake ena anafika pondiuza kuti ndikamuonetse kwa adokotala. Ndinawayankha zoti sindingalembe pano, chifukwa mwana wanga si wamisala. Chomwe akusowa ndi abale. Bambo ake analowera ku Tanzania iye akukwawa, ndiye wakula ndi ine ndekha, munthu wochoka m'mawa n'kubwera madzulo ali wotopa.

Adona pano salola wantchito kukhala ndi mwana, ndiye kupatula inu amalume ake, eni mbumba, ndilibe kwina komuika. Mankhwala anuwo pitirizani. Ine dzina lija linandipweteka chaka chimodzi chokha.

Nsapato ndapatsira a Levi. Ndipo mumuuze mwana wangayo kuti amayi ake akuti akagendanso munthu, ndibwera kudzamusinthanitsa ndi mbuzi ziwiri, ina yopunduka mwendo. Mumuuze mukuseka, adziwa yekha kuti ndamusowa.

Mlongo wanu,
Elsie


Pa esiteti
14 Januwale 2024

Elsie mlongo wanga,

Chaka chabwino. Pepa pochedwa kuyankha, ukudziwa kuti mvula ikagwa tenanti sakhala ndi manja olembera. Tawokera, tapalira, tabandira, pano tatsala pang'ono kuyamba kuthyola masamba am'munsi. Tonse tili bwino, wamng'ono yekha akukhosomola.

Uthenga wako ndinaupereka monga unanenera. Linali Lamulungu titachoka kutchalitchi, takhala pansi pa mango, a Goodwin oyandikana nafe aliponso ndi akazi awo. Nditafika pa mbuzi yopunduka anthu anafa nalo phwete. Shalom yekha anaimirira n'kufunsa kuti, "Mami ndiye analemba?" Ndinamupatsa pepalalo. Anawerenga yekha kawiri, chala chikuyenda pamzere. Kenako anavula nsapato zatsopano zija n'kukaziponya m'chimbudzi, zonse ziwiri, ife tikuona.

M'mawa mwake anatsegula khola la a Goodwin n'kuthamangitsa mbuzi zonse ndi miyala mpaka kudambo, zina zinakalowa m'chimanga cha akapitawo. Poyamba ndinakondwa, ndinati eya, mankhwala ayamba kugwira, mwana wayamba kubwezera nthabwala. Koma nditaona nkhope yake sinali ya munthu wosewera. Ndamufunsa, ndamunyengerera, ndamukwapula, sakunena chifukwa. Ndipo kukwapula mwana ameneyu kumatopetsa mtima. Salira, amangokuyang'ana mpaka dzanja lako lichite manyazi.

Kusukulu andiitana kawiri. Mnzake anamuponda phazi pamzere wolandirira phala, anapepesa pompo, koma Shalom anamukhuthulira phala lamoto pamalaya. Aphunzitsi ake a Veronika akuti mutu uli bwinobwino, masamu amakhoza kuposa anzake, koma kwa iye palibe chochitika mwangozi, aliyense amachita dala. Choko chikagwera pafupi ndi iye ndiye kuti aphunzitsi amafuna kumugenda. Ndinawauza kuti madamu, mwangomudziwa miyezi inayi inu mwatopa kale, nanga ife timagona naye nyumba imodzi.

Ndinalonjeza Khirisimasi, ndavomera ndaphonya. Tipatse mpaka Pasaka. Akapitawo anandiyankhula mawu awiri atatu za chimanga chawo, koma tinamvana.

Ine mlongo wako,
Laston


Pa esiteti
10 Febuluwale 2024

Alamu,

Ndine Anasi. Muli bwanji kumeneko? Kalatayi ndalemba bambo a Madalo ali kumunda, musawauze kuti ndakulemberani. Sindinazolowere kulemba, mundikhululukire pomwe pakhota.

Lachitatu la sabata yatha ndinapita kuchipatala ku Boma ndi wamng'ono, chifuwa chinamuvuta. Shalom ndinamutenga chifukwa kumusiya ndi anzake ndimaopa. Tili pabenchi mayi wina anamumwetulira, kumwetulira chabe kwa munthu woona mwana wokongola, iye n'kukuwa kuti, "Muniseka chani?" Namwino wina anaona zonsezo, ndipo titamaliza za chifuwa anatilowetsa kwa adokotala ena oona za maganizo.

Alamu, ndikanakonda mukanakhalapo. Anamuonetsa zithunzi. China mwana wagunda mnzake akuthamangira mpira, maso ali kumpira. Anamufunsa kuti chachitika n'chiyani, iye ati wamugunda dala. China mayi akupatsa mwana nthochi, ati yowola imeneyo, yabwino wabisa. China chinali nkhope chabe ya munthu womwetulira, ati akuseka winawake. Zithunzi teni, sanapezepo munthu wabwino ngakhale mmodzi. Ine misozi inangotsika, chifukwa ndinazindikira kuti umu ndi momwe amationera ifenso pakhomo, tsiku lililonse, chibwerereni mu Julayi.

Adokotala anati vutoli lili ndi dzina, analitchula m'Chingerezi koma landithawa. Akuti si misala, si ufiti, ndipo si kuti mwanayo amasangalala nazo. Ana otere amakana kulamulidwa, amapsa mtima msanga, ndipo ambiri amavutika kudziwa cholinga cha mnzawo, pomwe pali masewera iwo amaona nkhondo. Nditawafotokozera za mankhwala athu a chisuweni anavula magalasi. Akuti tisiye lero lomwe. Tizimuuza mawu olunjika, chinthu chimodzi pa nthawi, tizimuyamikira akachita bwino, ndipo tizibwera naye kawiri pamwezi. Kawiri pamwezi, alamu, nyengo yothyola fodya ino, ulendo wa kabaza kenako minibasi! Ndinangovomera ndi mutu kuti ndisaoneke wamwano.

Nditawauza achimwene anu anakwiya. Akuti munthu amene sitimuseka pakhomo pano ndi mlendo, ndiye adokotalawo akufuna kuti mwana wa mlongo wawo timusandutse mlendo. Ine ndi Madalo tinayesa patokha. Shalom akalowa timasiya nthabwala n'kumayankhula bwinobwino. Tsiku lachitatu anaima pakhomo n'kunena kuti, "Nikangolowa musiya kuseka. Mumakamba za ine." Tikaseka talakwa, tikakhala chete talakwanso. Sindikudziwanso kuti nkhope yanga ndiziiika bwanji.

Za mbuzi zija anandiuza yekha ndikumuluka tsitsi. Akuti anazithamangitsa kuti mukabwera musadzapeze zomusinthanitsa nazo. Chonde alamu, alembereni achimwene anu kuti asiye, inu amakumverani. Ndipo mumulembere mwanayu mawu osazungulira, opanda nthabwala ngakhale imodzi, akuti simudzamugulitsa.

Ine mlamu wanu,
Anasi


Lusaka
3 Malichi 2024

Achimwene,

Moni nonse. A Levi sanafikenso kuno chibweretsereni kalata yanu ya mu Januwale, akuti thiraki yawo anaitembenuzira ku Beira. Iyi ndapatsira mnzawo a Kwacha. Ngati munalembanso, sindinalandire kanthu.

Za nsapato zandiwawa kwambiri. Ndinathera Loweruka langa lopuma mumsika ndikusankha, kufuna zolimba zoti amalize nazo chaka. Mwanayu akudziwa zomwe akuchita, akufuna tonse tizimugwadira. Musamulekerere, ndipo alamu anga ndi ofatsa kwambiri, asamamuikire kumbuyo. Ife tinakula tikusekedwa, sitinafe.

Mumuwerengere izi: "Shalom, chifukwa cha nsapato zija mtengo wako watsika. Tsopano ndi mbuzi imodzi basi, ndipo wogula ndamupeza kale." Mwina akaona kuti ifenso sitigonja, aseka.

Mlongo wanu,
Elsie


Pa esiteti
24 Malichi 2024

Elsie,

Moni ndikupatsa, koma kalata ino ilibe zoseketsa.

Uthenga wako ndinamuwerengera. Alamu ako anandigwira mkono kuti ndisawerenge, ine ndinati mawu a mayi kwa mwana wake sindingawabise. Ukudziwa momwe nkhani imayendera pa esiteti, pofika mawa lake aliyense ankamutchula Shalom kuti Mbuzi Imodzi. Palibe amene ankafuna kumupweteka, Elsie. Anthu amamuseka chifukwa amamutenga kuti ndi mwana wathu.

Lachinayi lapitali kunabwera venda wa panjinga kudzagula mbuzi kwa a Goodwin. Azimayi anali pachigafa akusoka fodya. Akazi awo a akapitawo anamukodola Shalom akuseka n'kunena kuti, "Thamanga ukasambe, wogula uja wafika," kwinaku akumugwira tsaya. Shalom anawaluma dzanja mpaka anakawasoka kuchipatala. Atatero analowa m'chigafa n'kuyamba kugwetsa mikangala ndi kupondaponda fodya m'matope, akukuwa kuti sapita. Tinamugwira anthu atatu. Chigafa chimenecho timagawana mabanja atatu, ndipo fodya amene wawonongeka kwambiri si wanga.

Abwana anatiitana kuofesi. Akuti pa esiteti pano pali ana ambiri, sangadikire kuti wina achotsedwe diso. Atipatsa mpaka fodya atagulitsidwa. Pofika kumapeto kwa Juni mwanayo akhale atachoka, apo ayi tichoka tonse. Tenanti wochotsedwa chifukwa cha ndewu maesiteti ena samulandira, amauzana. Ku Dedza ukudziwa wekha kuti munda tilibe.

Alamu ako anamutengera kuchipatala ku Boma, adokotala n'kunena kuti tisiye kumuseka, ine ndinakana. Lero sindikudziwa. Ndasiya kumuseka, ndasiya kumukwapula, ndipo ndapeza kuti ndilibenso chomuyankhula. Njira yoonetsera mwana kuti ndi wathu ndimadziwa imodzi yokha, imene tinakula nayo kwathu. Tsopano ndikakumana naye pakhomo ndimamupatsa moni ngati mlendo wa kutchalitchi.

Ndine malume ake, udindo ndi wanga, ndikudziwa. Koma ndili ndi ana atatu. Bwera udzatenge mwana wako. Mzere umenewu ndalemba manyazi atandigwira.

Laston


Kapepala kopindidwa m'envelopu yomweyo:

Mami,

Anti anati nilembe. Sinifuna kupita na bambo wa njinga. Bonse pano sibanifuna. Amalume basiya kukamba na ine. Madalo ananipatsa buledi koma sininadye chifukwa sinidziwa chimene anaikamo. Ngati munigulitsa mubwere nokha muniuze pamaso. Osatuma kalata.

Shalom


Lusaka
21 Epulo 2024

Alamu anga a Anasi,

A Levi afika dzulo ndi makalata awiri, yanu ya mu Febuluwale itada ndi girisi m'thumba la jekete lawo, ndi ya achimwene yokhala ndi kapepala ka Shalom. Ndinayamba ndi yanu. Ndili pakati ndinakumbukira zomwe ndinalemba mu Malichi, ndipo ndinakhala pansi pa simenti. Inu munali mutandichenjeza kale, chenjezo lili ku Beira, ine kuno ndikupeza wogula.

A Levi sindikuwaimba mlandu. Ku Chawama aphunzitsi aja anandiuza Shalom ali ndi zaka seveni, ine n'kuwatukwana. Ndinkaopa dzina, alamu. Ndinkati akangomupatsa dzina la matenda ndiye kuti mwana wanga wathera pomwepo.

Ndawagwadira adona kuti andilole kukhala naye m'chipinda changa cha kuseri. Afunsa chifukwa chomwe akuchokera kwa amalume ake, ine bodza linandikanika. Akuti ali ndi ana awo aang'ono, ndisankhe ntchito kapena mwana. Ndasankha, ndigwira mpaka kumapeto kwa Juni. Komwe tikakhale sindikudziwa, mwina pa Boma pompo, pafupi ndi adokotala aja.

Ndayesa kumulembera Shalom mawu olunjika monga munanenera, ndang'amba mapepala anayi. Iye wati osatuma kalata, ndiye ndimumvera. Mungomuuza kuti Mami akubwera okha. Achimwene muwauze asachite manyazi, anayesetsa ndi zomwe amadziwa, ndipo wowalimbikitsa ndinali ine. Mundiphunzitse alamu, ndikafika ndidzaime bwanji pamaso pake?

Mlamu wanu,
Elsie


Pa esiteti
26 Meyi 2024

Alamu,

Kalata yanu yafika bwino ulendo uno. Tonse tilipo, tikugona ndi fungo la fodya, tikusankha ndi kumanga ndindi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Shalom ndinamuuza kuti Mami akubwera okha. Anandifunsa katatu kuti okha, ine ndinavomera katatu. Tsiku lomwelo analongedza kachikwama kake, ndipo amayenda nako ngakhale kuchimbudzi, akuti Madalo akufuna kumubera diresi. Madalo analira. Anandiuza kuti, "Amayi, ine ndimamukonda, koma ndatopa." Inenso ndi momwemo, alamu.

Kuchipatala tinangopitako ulendo umodzi uja. Akapitawo sangandipatse tsiku, makamaka ngati ndi za Shalom, dzanja la akazi awo langopola kumene. Kusukulu anati akhale kaye pakhomo. Ndiye amakhala pambali panga ndikusankha fodya, ndipo maso ake ndi akuthwa, tsamba lolakwika giredi amaliona ine ndisanalione. Ndikamuyamikira amafunsa kuti ndikufuna kumutuma chiyani.

Mwafunsa kuti mudzaime bwanji. Ine si dokotala, ndingokuuzani zomwe ndaona. Musadzathamange, musadzakuwe ndi chimwemwe, ndipo musadzamwetulire. Mudzangoima pomwe akukuonani manja onse, n'kunena kuti ndabwera kudzakutenga, tikakhala limodzi. Ndikudziwa kuti ndi zovuta kuuza mayi zimenezi.

Achimwene anu aonda. Munthu uja ankaseketsa chigafa chonse, lero amadya chete n'kutuluka.

Anasi


Mchinji Boma
21 Julayi 2024

Achimwene,

Moni kuchokera pa Boma pano. Ndamva kuti abwana akulembaninso chaka chamawa, ndipo mbali imeneyo mtima wanga wakhala pansi. Tinasemphana, ine ndikufika pa esiteti inu mutaperekeza mabelo a fodya ku Lilongwe. Kaya anakutumani kaya munapempha nokha, sindikufunsa. Ndingokuuzani ndekha momwe zinayendera.

Kuyambira pa Mwami ndinkaphunzitsa nkhope yanga monga alamu anandilangizira. Ndinkadziyang'ana pagalasi la minibasi mpaka mayi wokhala naye mpando anafunsa ngati ndikupita kumaliro. Koma nditamuona ataima pakhonde ndi kachikwama kake, watalika, tsitsi ataluka bwino, nkhope inandithawa. Ndinamwetulira mano onse, achimwene, chaka chathunthu ndisanamuone mwana wanga. Iye anabwerera m'mbuyo n'kunena kuti, "Mwayamba kale." Anasuzumira kumbuyo kwanga kuti aone ngati ndabwera ndi munthu. Sanalole kuti ndimugwire mpaka tinafika pa Boma.

Tapeza chipinda chimodzi kuseri kwa msika. Ndikugulitsa tomato ndi anyezi pabenchi ya mayi ena a kutchalitchi, a Imelda. Shalom wawalalatira kale kawiri, kachitatu sindikudziwa ngati adzatisunge. Sukulu yomulandira mu Seputembala sindinaipeze. Kuchipatala tapitako kawiri. Adokotala ndi munthu woleza mtima, koma sanandinamize. Akuti ena amasintha pang'onopang'ono, patapita zaka, ena vuto limakula nawo, ndipo sangandiuze kuti wanga ali mbali iti.

Andiphunzitsa kuti ndizinena ndi pakamwa zomwe nkhope yanga ikuchita. Ndiye m'nyumba muno ndimayankhula ngati wailesi. "Ndakwinya nkhope chifukwa mutu ukundiwawa, osati chifukwa cha iwe." "Ndakhala chete chifukwa ndatopa." Mukanandimva mukanaseka, ndipo ndikanakonda kumva munthu akuseka, chifukwa chilowereni muno palibe waseka.

Dzulo masana anandithandiza kusanja tomato osatumidwa. Anasanja bwino kuposa ine, wamkulu pansi, wakupsa pamwamba. Ndinaiwala, ndinamwetulira. Anaima tomato ali m'manja, akundiyang'ana. Ndinafulumira kunena monga anandiphunzitsira, "Ndikumwetulira chifukwa ndakondwa nawe. Sindikukuseka." Sanakuwe, sanaponye kanthu. Anaganiza nthawi yaitali, kenako anandifunsa motsitsa mawu, ndipo ndinaona kuti akufunadi kudziwa.

"Manje ningadziwe bwanji kuti ni zoona?"

Ine palibe amene anandiphunzitsa kusiyanitsa, ndinangokula ndikudziwa, inunso chimodzimodzi. Lero m'mawa wandifunsanso, ndipo tsiku lathu kuchipatala ndi pa 2 Ogasiti. Achimwene, ngati inu kapena alamu mukudziwa chomwe ndingamuyankhe, ndilembereni msanga. Akudikira.

Mlongo wanu,
Elsie